Kodi kugonjera Mulungu ndi kupinda manja?

Funso: Abusa, chilala cha 2024 chinatiwotchera munda wonse, chimanga chinauma chitangoyamba kumasula. Ngongole ya fetereza tinabweza pogulitsa ng'ombe yathu yolimira. Kuyambira pamenepo abambo a kunyumba amangoti, "Mulungu akafuna tidzadya." Ndikawauza zokumba maenje a gamphani, aja odzalamo mbewu osunga madzi ndi manyowa, kapena kudzalako mapira, amati ndikulimbana ndi chifuniro cha Mulungu. Kodi ndikuchimwa? Ndine mayi wa ku Chadiza.

Yankho: Amayi, simukuchimwa ayi. Komabe musafulumire kuwatsutsa amuna anu, chifukwa mbali ina akunena zoona. Ife a mpingo wa Reformed, umene ku Zambia kuno unayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, timaphunzitsa Katekisma wa Heidelberg wa 1563. Funso 27 la m'Katekismayo limanena kuti mvula ndi chilala, zaka za dzinthu ndi zaka za njala, thanzi ndi matenda, sizibwera mwangozi koma zimadutsa m'dzanja la Atate. Ngakhale chilala chija, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, sichinamudzidzimutse Mulungu. Izi ndimazikhulupirira ndi mtima wonse.

Pamene ndikusiyana nawo ndi pa khasu. Tsegulani Machitidwe 27. Paulo ali m'ngalawa ya anthu 276, namondwe wawazunza masabata awiri. Mngelo wamuuza kale kuti palibe amene adzafe. Lonjezo lomveka bwino chotere, inu ndi ine sitinalandirepo pa munda wathu. Koma amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo sanati asiyeni, Mulungu walonjeza. Anauza mkulu wa asilikali kuti anthu awa akachoka m'ngalawa, simupulumuka. Kenako anawakakamiza onse kudya kuti apeze mphamvu. Ngalawa itasweka, odziwa kusambira anasambira, ena anagwira matabwa, ndipo onse anafika kumtunda. Mulungu anasunga mawu ake kudzera m'manja a amalinyero, m'mkate ndi m'matabwa. Yosefe nayenso atadziwa za njala ya zaka 7 anasonkhanitsa chakudya m'nkhokwe za ku Igupto.

Tsono maenje anuwo, manyowa a m'khola ndi mbewu yocha msanga zili m'gulu lomwelo la matabwa aja.

Chimene chikundikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi ng'ombe. Mwamuna amene waona ng'ombe yake yolimira ikutuluka m'khola ndi wogula, mtima wake umasweka, ndipo ambiri sadziwa kulira poyera. Ine ndikuona ngati mawu akuti "Mulungu akafuna" akubisa mantha akuti angakhetsenso thukuta pachabe. Umenewo si ulesi. Choncho musawaponyere mavesi pa nthawi ya nsima. Ambuye Yesu ku Getsemane anayamba wapempha kuti chikho chiwapitirire, thukuta likugwa, ndipo pambuyo pake ndi pamene anati kufuna kwa Atate kuchitike. Amuna anu nawonso ali ndi ufulu womuuza Mulungu kuti zinawapweteka.

Sindikukulonjezani kuti mukakumba maenje mudzakolola. Mvula ikhoza kudulanso mu Januwale, ndipo ikatero mudzafunika kugonja kwenikweni, kovuta, kopanda kumunenera Mulungu zoipa. Pa mitambo mulibe ulamuliro, koma nthawi yokumba ndi mbewu yodzala wakusiyirani inu.

Pemphani mkulu wa mpingo amene amuna anu amamulemekeza kuti adzacheze nawo paokha, amuna okhaokha. Inu yambani ndi kachigawo kakang'ono ka munda, kumbani nthawi ya chilimwe mvula isanagwe, thirani manyowa, ndipo mufunse alangizi a zaulimi a kwanuko za mbewu yoyenera dothi lanu. Siyaninso malo a nshawa, khobwe ndi mbatata. Mukamapita kumunda muziwaitana mwaulemu, ndipo akakana musawanyoze pamaso pa ana.