Atsikana akungoyankha "kaya", ndiye nditani?

Yabwera imelo kuchokera kwa amayi ena amene akupanga risechi ku Katete, ku Zambia, pa atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba. Akuti akangotulutsa fomu ya mafunso, mtsikana maso pansi, yankho ndi "kaya" basi. Ndiye akufunsa ngati kujambulitsa zithunzi kapena kupangitsa sewero ndi risechi yeniyeni kapena ndi masewera chabe.

Amayi, ndi risechi ndithu. Mu 2002 ku Cape Town azimayi a gulu la Bambanani, amene anali ndi HIV, ankagona papepala lalikulu, mnzawo n'kulemba mzere mozungulira thupi, kenako mwini wake n'kujambula mkatimo pamene pakuwawa ndi pamene akupeza mphamvu. Amati body mapping. Palinso photovoice ya Caroline Wang ndi Mary Ann Burris amene anapatsa makamera azimayi akumudzi ku Yunnan, China, m'ma 1990 kuti azijambula okha za moyo wawo. Sewero ndiye si lachilendo, Chikwakwa Theatre ya pa UNZA (University of Zambia) inkayenda nalo m'midzi m'ma 1970.

Mwana wa kwathu kuno anakula akuuzidwa kuti za kuchipinda sanena pamaso pa akulu, manje inu mwabwera ndi fomu ndi bolopeni ngati a nesi a ku kiliniki, angamasuke bwanji? Auzeni apange sewero la mtsikana wina wongopeka, muona nokha, zituluka za abambo omupeza, za ndalama ya sopo, za anzake omuseka atabwerera m'kalasi olo ndondomeko ya boma ya 1997 imamulola kubwerera, zonse poti sakunena za iye.

Koma apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Chithunzi musachimasulire nokha. Akajambula nyumba yopanda chitseko osathamangira kulemba kuti "akumva ngati ali m'ndende", mwina wangoiwala. Mufunseni kuti apa wajambula chani, mujambule mawu ake pa foni atavomera, zimene afotokozezo ndiye data yanu.

Za makamera ine sindikulimbikitsani kwenikweni. Kumudzi olo mubise nkhope, chitenje chija ndi mtengo wa mango uja aliyense akuzidziwa.

Musanayambe pezani chilolezo cha komiti ya ethics (yoona kuti risechi isalakwire anthu ofunsidwa) ndi cha National Health Research Authority ngati nkhani ikukhudza zaumoyo, mukaonekere kwa amfumu. Wosakwana zaka 18 kholo livomere, mwanayo avomerenso payekha. Mupanganenso ndi a kansela kuti tsikulo akhale pafupi, chifukwa sewero likafika penapake wina amayamba kulira zenizeni.