Tifunseni: Kodi akafukufukuwa amafunsa ndani kwenikweni?

FUNSO: Akonzi, ine ndi mphunzitsi wa pulayimale kumudzi kuno ku Ntchisi. Pawailesi timangomva kuti kafukufuku wapeza zakuti-zakuti pa kusintha kwa maphunziro, mwina ati ana ayamba kuwerenga bwino, mwina ati zinthu zalowa pansi, koma pasukulu pathu sipanafikepo munthu odzatifunsa olo tsiku limodzi. Ndiye tiziwakhulupilira bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanuli ndi lenileni ndipo musalisiye. Kusafika pasukulu panu pakokha sikulakwa ayi, ofufuza sangafunse aliyense, amatenga kagulu kochepa kotchedwa sampulo koimira onse. Zili ngati kulawa mchere mu ndiwo, sipuni imodzi ikwana bola mphika mwautakasa kaye. Vuto limabwera akalawa pamwamba pokha.

Ndiye taonani m'mene zimakhalira. Nthawi ya dzinja galimoto singadutse matope, mlatho wakokoloka, basi ofufuza ena amangothera masukulu a m'mbali mwa tala ndi pa ma trading centre pomwe aphunzitsi ndi ambiri, mabuku amafika msanga. Chonsecho kalembera wa 2018 adaonetsa kuti anthu oposa 80 pa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumudzi. Akafikanso pasukulupo amapeza ana amene abwera tsiku limenelo okha, koma amene wapita ku ganyu, amene akudwala malungo, mtsikana amene adasiya chifukwa cha mimba, onsewa mulibe mu lipoti, pomwe ndi amene ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene akuifufuzayo imayenera kuwathandiza kwambiri. Nanga ahedi akauzidwa kuti tipatseni ana khumi tiwayese, inu mukudziwa amene amaitanidwa, ndi anzeru aja okhala kutsogolo.

Nkhani ya pulayimale yaulere ndi imene imandikhudza kwambiri. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi, ana adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi kudzadza mpaka ena pansi pa mtengo, boma kulemba aphunzitsi masauzande osadutsa ku koleji. Mavuto amenewo adalipodi, sitikukana. Koma munthu akayerekeza magiredi a kale ndi a pambuyo pake nkunena kuti maphunziro aulere adaononga sukulu, akuiwala kuti ana akewo si amodzimodzi, kale munali a makolo okwanitsa fizi, pano mwalowa ana osauka omwe kale samawerengedwa nkomwe chifukwa anali kunyumba. Avereji itha kutsika pomwe ana odziwa kuwerenga m'dziko achuluka.

Mayeso a SACMEQ, omwe amayerekeza maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, amayesa a Sitandade 6, ndiye mwana amene adasiya Sitandade 3 samaoneka. Chimodzimodzi mu 2020 sukulu zitatsekedwa ndi Covid-19, kafukufuku wambiri adachitika pafoni, banja lopanda foni kapena netiweki silidayankhe nawo.

Ndiye mukamva lipoti funsani kuti masukuluwo adawasankha bwanji, mwamaere kapena adachita kulozeredwa ndi amene akuyendetsa pulojekitiyo, maboma angati, adapita mwezi uti, ndipo ana ojomba ndi osiya sukulu adawalondola kumudzi kapena ayi. Ofufuza achilungamo amalemba zimenezi poyera mu lipoti lawo. Ndipo akadzafika kwanuko chonde apatseni rejisitala yonse asankhe okha, ndi ojomba omwe muwauze kuti alipo angati.