Tifunseni: Kodi Nero anawotchadi Roma uku akuyimba?

Funso: Akulu, ine ndimakhala ku Yeoville kuno ku Johannesburg, ndimagwira yaulonda usiku ndiye nthawi yowerenga pafoni imapezeka ndithu. Lamulungu lapitali tikuchokera kutchalitchi tinakangana mu takisi ndi alamu anga, iwo akuti mfumu Nero inayatsa yokha mzinda wa Roma nkukwera pamwamba kumayimba, ine ndikuti za zaka pafupifupi 2,000 zapitazo anaziona ndani? Anthu ophunzirawa amazidziwa bwanji? Wowerenga wanu, Yeoville.

Yankho: Achimwene, zikomo, funso lakuti "anaziona ndani" ndi lomwelo akatswiri amayambira.

Motowo unalipodi, unabuka mu July chaka cha 64 ndipo pa zigawo 14 za mzindawo 3 zinapseratu, zotsala zabwinobwino zinali 4 basi. Koma amene amatiuza zambiri m'Chilatini ndi awiri, Tacitus ndi Suetonius, ndipo onse analemba patatha zaka ngati 50. Tacitus anali kamwana nthawi yamotoyo, Suetonius anali asanabadwe nkomwe.

Alamu anuwo ali mbali ya Suetonius, iye ndi amene akuti Nero anayatsa dala nkukwera pa nsanja ya Maecenas kumayimba za kugwa kwa mzinda wakale wa Troy. Tacitus m'buku lake la Annales akunena zina, akuti anthu ankasiyana ngati inali ngozi kapena chiwembu cha mfumu, Nero anali ku Antium, tauni ina kunja kwa Roma, pomwe moto umayamba, atabwerera anatsegula minda yake kuti osowa pogona akhalemo nkutsitsanso mtengo wa tirigu, ndipo zoyimbazo amazitchula ngati mphekesera chabe. Ine ndimatsamira kwa Tacitus pamenepa chifukwa munthu amene amadana ndi Nero chonchi akanakhala ndi umboni sakanaubisa.

Komatu nayenso musamumeze wathunthu. Anali wa m'nyumba ya malamulo ya Roma, gulu lomwe mafumuwa analilanda mphamvu, ndipo anaona anzake akuphedwa mu ulamuliro wa Domitian, ndiye ngakhale analonjeza kulemba mopanda mkwiyo kapena kukondera, mukawerenga zomwe analemba za mfumu Tiberius mkwiyowo mumachita kuumva.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Mu 1528 ku Lyon ku France anafukula chimbale chamkuwa cholembedwa mawu enieni omwe mfumu Claudius inayankhula mu 48, popempha kuti akuluakulu a ku Gaul, dera lomwe pano kuli France, aziloledwa kulowa m'nyumba ya malamulo ija. Tacitus naye analemba mawu atsiku lomwelo. Mukaziyika pamodzi mfundo yaikulu ndi imodzi, koma Claudius weniweni amazungulirazungulira mpaka penapake kudzitchula dzina yekha, pomwe wa Tacitus akuyankhula mwachidule, zosalala bwino. Ndiye kuti Tacitus ankafufuzadi zolembedwa zakale, koma akazipeza ankaziphikanso ndi mchere wake. Ntchito ya akatswiri ngati Ronald Syme, amene anatulutsa buku lalikulu lonena za Tacitus mu 1958, ndi yomweyi, kuyerekeza wolemba uyu ndi uyo, ndi ndalama zachitsulo, ndi zolembedwa pamiyala.

China, Annales anatsala pang'ono kutayika. Anagawidwa m'mabuku angapo, mabuku 1 mpaka 6 anapulumuka mu kope imodzi yokha yolemba pamanja yomwe inapezeka kunyumba ya amonke ku Corvey ku Germany nkusindikizidwa mu 1515, ndipo mabuku 7 mpaka 10 anasoweratu, moti za mfumu Caligula kuchokera kwa Tacitus tilibe.

Poti mumachokera kutchalitchi, awuzeni alamu kuti pankhani yamoto yomweyi Tacitus akuti Nero anakankhira mlandu kwa Akhristu, nkutchulanso kuti Khristu anaphedwa ndi Pontius Pilate mu ulamuliro wa Tiberius, yemwe uja wa pa Luka 3:1. Zili mu Annales buku 15, ndime 38 mpaka 44, za Chingerezi zilipo zaulere pa intaneti ndipo mutha kumaliza shifiti isanafike pakati. Mukapeza wina wophunzira ku Kamuzu Academy kuno ku Joni, amene anakhula ndi Chilatini ku Mtunthama, mumupemphe akuwerengereni ndime 44 mokweza.