Francis Kéré ndi sukulu ya dothi ya ku Gando: yankho kwa aphunzitsi a ku Nchalo

Mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulaimale cha ku Nchalo wanditumizira imelo. Akuti anaona pa Facebook chithunzi cha sukulu yomangidwa ndi dothi, pansi pake atalemba kuti mwini pulani yake analandira mphoto yaikulu kwambiri ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Akufunsa kuti munthuyo ndani, anafika bwanji pamenepo, komanso ngati si azungu chabe amene amasangalala kutiona tikukhalabe m'nyumba za zidina.

Mayi, nkhaniyo ndi yoona. Munthuyo ndi Diébédo Francis Kéré wa ku Burkina Faso, ndipo mphotoyo ndi Pritzker, imene analandira mu 2022. Chiyambireni mphotoyi mu 1979, iye ndiye anali munthu wakuda woyamba kuilandira.

Kéré anabadwa mu 1965 m'mudzi wa Gando, mwana wamwamuna woyamba wa mfumu ya mudziwo. Pa nthawiyo ku Gando kunalibe sukulu, choncho ali ndi zaka 7 anamutumiza kutauni ya Tenkodogo kuti akaphunzire. Kalasi imene anakapeza kumeneko inu mukuidziwa bwino kuposa ine: makoma a mabuloko a simenti, mawindo osakwanira, mdima, ana oposa 100 atathithikana, kunja dzuwa likuswa mtengo. Muganizire kalasi yanu mu Okutobala nthawi ikamathamangira 12 koloko masana, ana akuwodzera, thukuta lili kamukamu, inu mukuyesetsa kuwaphunzitsa masamu. Iye mwini amanena kuti maganizo omanga sukulu yabwinoko anamuyambira m'chipinda chimenecho.

Sanathamange nayo sukulu. Anayamba waphunzira ukalipentala, ndipo ndi ukalipentalawo umene unamupezetsa mwayi wopita ku Germany mu 1985. Ku Berlin masana ankaphunzira kukhoma madenga ndi mipando, usiku n'kumalowa kalasi ya sekondale. Mu 1995 ndi pamene analowa pa yunivesite ya Technische Universität Berlin kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, n'kudzamaliza mu 2004 ali ndi zaka 39. Ana athu amene amati zawo zada akalephera mayeso a Fomu 4 kamodzi muziwauzako zimenezi.

Sukulu imene munaiona pachithunzi anaimanga digiri asanaitenge. Mu 1998 anayambitsa bungwe lopemphetsa ndalama ku Germany, akumapempha ngakhale ophunzira anzake, mpaka anasonkhanitsa ndalama pafupifupi madola 50,000 a ku America. Atafika nazo kwawo anthu anakondwera. Atangotchula kuti amanga ndi dothi, nkhope zinagwa. Anthu a ku Gando anali ndi funso lanu lomweli: munthu wapita mpaka ku Ulaya, n'kubwerako ndi dothi lomwe timamangira ife osauka, limene mvula ikagwa timakhalira kumatanso chaka ndi chaka? Sanalimbane nawo pakamwa. Ankamanga kachigawo koyeserera kuti aone ndi maso kulimba kwake, ndipo imeneyi inasanduka njira yake yogwirira ntchito ndi anthu akumudzi.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amene amagawana chithunzicho amangoona dothi. Njerwa za ku Gando si zidina wamba zoumba m'chikombole n'kuyanika padzuwa. Ndi dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, lotsinderedwa ndi makina a pamanja mpaka kulimba, popanda kutentha uvuni kapena kugwetsa mtengo wa nkhuni. Makoma ake ndi ochindikala, amazizira usiku ndipo amachedwa kutentha masana. Luso lenileni lili pamwamba. Kalasi ili ndi siling'i ya njerwa zadothi, ndipo malata sanagone pakhoma ngati mmene timakhomera ife. Anawakweza m'mwamba pa zitsulo zopyapyala zowotcherera, zomwe zija timaika mu konkire, n'kusiya mpata waukulu pakati pa malata ndi siling'i. Mphepo imadutsa mumpatamo n'kuchotsa kutentha kwa malata kusanafike pamitu ya ana. Mpweya wotentha wa m'kalasi umakwera n'kutulukira pamwamba, wozizirirako n'kumalowa pa mawindo. Dengalo linatulukiranso kunja kwambiri mbali zonse, motero mvula simenya khoma ndipo dzuwa silifikapo. Palibe fani, palibe magetsi. Mutachotsa dengalo, anthu a ku Gando aja akanakhala kuti ankanena zoona.

Sukuluyo inatha mu 2001, yomangidwa ndi eni mudzi okha: ena kututa miyala ya maziko, amayi kutunga madzi ndi kutsindira pansi. Mu 2004 inalandira mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan. Ana amene anali 120 anadzachuluka mpaka 700, ndiye panabwera nyumba za aphunzitsi, makalasi ena ndi laibulale. Pa laibulaleyo anachita chinthu chimene ine chimandisangalatsa kuposa zonse: anatenga mitsuko youmbidwa ndi amayi, n'kuidula, n'kuiika m'denga kuti ikhale mabowo olowetsa kuwala.

Zotsatira zake ndi zambiri, sindingazitchule zonse. Anatsegula ofesi yake ku Berlin mu 2005, anamanga sekondale ya Lycée Schorge ku Koudougou ndi miyala yofiira ya komweko, mu 2017 anapanga nyumba yachionetsero ya kanthawi kochepa yotchedwa Serpentine Pavilion ku London, ndipo nyumba yatsopano ya malamulo ya dziko la Benin ku Porto-Novo pulani yake ndi ya iyeyu. Kufupi ndi kwanuko, ku Tete m'dziko la Mozambique, kuli sukulu ya Benga Riverside imene anajambulanso iye, makoma ake ali ndi timabowo tolowetsa kuwala ndi mphepo. Kutentha kwa ku Tete ndi kwa ku Nchalo n'pachibale.

Nanga za azungu zija? Kukayika kwanu sindikutaya konse. Ndalama za sukulu yoyamba zinachokera ku Germany, ofesi yake ili ku Berlin, ndipo alipo anthu a kunja amene amakonda chithunzi cha mwana wa mu Africa ataima pakhoma la dothi pomwe iwowo sangagonemo. Koma ine sindiyeza ntchitoyi ndi kuwomba m'manja kwa ku London. Ndimayang'ana zoti anyamata ndi atsikana a ku Gando amene anaphunzira kuumba njerwazo ndi kuwotcherera zitsulo anayamba kupeza nazo ganyu kwina, komanso zoti sukuluyo yapirira mvula zaka zoposa 20 ana akuphunziramo.

Ngati komiti ya pasukulu panu ikukonza zomanga buloko ina, musayambe ndi kukangana za dothi kapena simenti. Mufunseni mmisiriyo kuti mpweya wotentha udzatulukira pati, mawindo adzayang'ana kumene kumachokera mphepo kapena ayi, ndipo denga lidzatulukira kunja kwa khoma mamita angati.