Mvula ikakana kukata, pitani nawo ku National Gallery

Achemwali, mwafunsa kuti ana atsekera sukulu, agogo awo abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, koma mvula ya Disembala ikungokhuthuka, ndiye mupite nawo kuti kosanyowa. Ine ndikuti pitani ku National Gallery of Zimbabwe, nyumba yoonetsera zithunzi ndi zosema muno mu Harare, pa Julius Nyerere Way, pambali pa Harare Gardens. Ili mkati mwa tauni momwemo, mukatsika kombi ambulera imodzi ikufikitsani.

Nyumbayi inatsegulidwa mu 1957, ndipo woyang'anira wake woyamba anali Frank McEwen. Iyeyu ankapereka utoto ndi zipangizo kwa anthu akuda ogwira ntchito m'nyumbamo, ndipo mmodzi mwa iwo, Thomas Mukarobgwa, anadzakhala katswiri wodziwika. Mayina ngati Joram Mariga ndi Nicholas Mukomberanwa anatchukanso nthawi imeneyo.

Koma chimene ndikufuna ana anu akamve ndi ichi. Mu 1966 mlimi wina wa fodya, Tom Blomefield, malonda atavuta chifukwa mayiko anali atasiya kugula katundu wa Rhodesia (dzina lakale la Zimbabwe), anayambitsa ntchito yosema miyala pafamu yake ya Tengenenge kufupi ndi Guruve. Nanga ankagwira ntchito m'mafamu a fodya masiku amenewo ndani? Ambiri anali anthu athu, Achewa ndi Ayao ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ena a ku Angola. Anthu omwewo anasiya khasu n'kutola tchizulo. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia, ankasema nkhope zomwetulira za maso otsinzina, ndipo ntchito zake zinafika mpaka kunja. Ana athu a ku Mbare ndi ku Mufakose, muno mu Harare, amamva kawirikawiri kuti ndi obwera, zimene zimandipweteka mtima kwambiri. Akaime patsogolo pa mwala wosemedwa, adziwe kuti luso limene dziko lino limanyadira lili ndi manja a agogo awo.

Zoonetsedwa zimasinthasintha, choncho mukalowa funsani ogwira ntchito ngati pali zosema za anthu a ku Tengenenge. Agogo muwapatse mpata alankhule. Munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule wamkulu amaona m'nkhope zamwalazo zinthu zimene ife okulira m'tauni timangozidutsa.

Ana adye kaye musananyamuke, chifukwa mwana wanjala saona chithunzi. Aliyense atenge kope ndi pensulo, asankhe chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa, akhale pansi achijambule. Muwauziretu kunyumba kuti zinthu za m'menemo sitigwira, kuti musamakalipe pagulu. Musakakamize kuzungulira zipinda zonse. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira, makamaka kwa mawondo a agogo.

Ena mugulu muno atchula Chapungu, paki ya zosema zamwala ya ku Msasa. Ndi malo abwino zedi, koma zosema zambiri zili panja, ndiye asungireni tsiku ladzuwa. Mvula ikapitirira mawa lake, kuli Zimbabwe Museum of Human Sciences chakufupi ndi Rotten Row, kumene ana angaone zida zakale ndi moyo wa makolo a kuno.

Musananyamuke imbani foni mufunse nthawi yotsegulira ndi mtengo wolowera wa ana. Ndipo bwererani anthu asanaweruke kuntchito, chifukwa kukagwa mvula madzulo makombi amadzaza msanga, ndipo kuima pa renki ndi agogo pamodzi ndi ana onyowa n'kovuta.