Magalimoto aliwiro amene ophunzira amajambula: kodi tiwasirire kapena tiwaseke?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa awerengi athu, amene akuti akhala akuona zithunzi za magalimoto aliwiro am'tsogolo zojambulidwa ndi ophunzira a m'masukulu ophunzitsa kapangidwe ka magalimoto. Funso lawo linali lotere: "Magalimoto amenewa ndi okongola, koma ambiri alibe magalasi oonera kunja, matayala ake ndi aatali pafupifupi kufika padenga, ndipo sindikuona pamene munthu angakhale. Kodi imeneyi ndi ntchito yeniyeni, kapena ndi maloto a ana? Nanga inuyo mumasiyanitsa bwanji chojambula chabwino ndi chachabechabe?"

Mwaona bwino, ndipo zimene mwaonazo ndi zomwenso aphunzitsi a anawa amalimbana nazo chaka ndi chaka. Komabe sindigwirizana ndi anthu amene akangoona chojambula chotere amati sichingayende pamsewu, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa wophunzira sapatsidwa ntchito yopanga galimoto yoti igulitsidwe chaka chamawa. Pamene kampani ya Ferrari inachititsa mpikisano wa masukulu mu 2015, inapempha ophunzira kuti ajambule Ferrari ya chaka cha 2040, ndipo amene anapambana anali a sukulu ya ISD-Rubika ya ku Valenciennes m'dziko la France, ndi galimoto imene anaitcha Manifesto. Pa mpikisano wina wa kampani yomweyo mu 2011, ophunzira a yunivesite ya Hongik ya ku Seoul anaposa anzawo a ku IED ya ku Torino ndi a ku Royal College of Art ya ku London. Palibe galimoto ngakhale imodzi mwa zimenezi imene inafika pogulitsidwa, ndipo panalibe amene ankayembekezera zimenezo. Kampani ikamachititsa mipikisano yotere imakhala ikusaka anthu, ikufuna kuona mmene mutu wa wachinyamatayo umagwirira ntchito asanazolowere kuuzidwa kuti izi sizitheka.

Choncho ine sindifunsa ngati galimotoyo ingapangidwe. Ndimafunsa ngati wojambulayo akudziwa lamulo limene waphwanya, komanso ngati waika china m'malo mwake. Pamenepa ndi pamene zojambula zambiri zimagwera, ndipo mungathe kudziyesera nokha popanda chida china koma kapepala ndi pensulo. Pezani chithunzi choonetsa galimotoyo cham'mbali, ikani kapepalako pa tayala lakutsogolo, ndipo lembani timizere tiwiri posonyeza pamene tayalalo layambira pansi ndi pamene lathera pamwamba. Kenako muyeze kutalika kwa galimoto yonse kuyambira pansi mpaka padenga ndi muyeso womwewo. Tayala la galimoto yaliwiro ya masiku ano limakhala la masentimita pafupifupi 70, pomwe denga la magalimoto ambiri amtunduwu limakhala pakati pa masentimita 110 ndi 120, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni imaposa pang'ono tayala limodzi ndi theka. Pa zojambula za ophunzira nthawi zambiri ndimapeza tayala limodzi ndi kachidutswa kakang'ono chabe. Zikatero pali zinthu ziwiri: mwina tayalalo ndi lalikulu moti silingathe kukhota popanda kudya malo a miyendo ya woyendetsa, kapena dengalo lili pa masentimita 85, ndipo mutu wa munthu wamkulu ulibe pokhala.

Izi sizikutanthauza kuti galimoto yotsika chomwecho ndi yosatheka, chifukwa inapangidwapo kale ndipo inkayenda. Mu 1970, wojambula magalimoto Marcello Gandini, akugwira ntchito ku kampani ya Bertone ya ku Italy, anatulutsa Lancia Stratos Zero imene inali ya masentimita 84 okha kuchokera pansi. Kusiyana kwake ndi kwakuti Gandini anadziwa mtengo wa chimene anasankha ndipo anaulipira poyera. Popeza m'mbali munalibe malo a chitseko, galasi lakutsogolo ndilo linkatseguka chokwera m'mwamba, munthu n'kulowera pamphuno pa galimoto, n'kukhala chogonekera kumbuyo. Palibe amene angati kumeneku kunali kukhala kwabwino, koma funso lakuti munthu alowera pati linali ndi yankho looneka ndi maso. Stratos imene inadzagulitsidwa pambuyo pake, imene inapambana mpikisano wa dziko lonse wa rally (wothamangitsa magalimoto m'misewu ya fumbi ndi ya tala) mu 1974, 1975 ndi 1976, inali yosiyana kwambiri ndi Zero, komabe ikanapanda Zero kukopa akuluakulu a Lancia, mwina sikanabadwa n'komwe. Wophunzira amene wajambula denga lotsika n'kuonetsanso polowera ndimamupatsa ulemu. Amene wangodetsa magalasi kuti tisaone kuti m'kati mulibe malo, ameneyo ntchito yake ndi chikomekome cha mkuyu.

Chinthu chachiwiri chimene ndimayang'ana, ndipo ndicho chimene ophunzira amachiiwala kwambiri, ndi kutentha. Injini yoyendera petulo imataya mphamvu yochuluka ya mafuta ngati kutentha, ndipo ikakhala kumbuyo kwa woyendetsa, monga zimakhalira pa magalimoto ambiri amtunduwu, mphepo siyifikako yokha. Ngakhale akatswiri anapunthwapo pamenepa. Lamborghini Countach yoyamba, imene inaonetsedwa ku Geneva mu 1971, inali yosalala m'mbali ngati yosemedwa ndi mpeni, yokhala ndi timipata tochepa tolowera mpweya kuseri kwa magalasi. Itayesedwa pamsewu injini inkatentha, ndipo pofika 1974, pamene galimotoyi inayamba kugulitsidwa, inali itamera mabokosi okokera mpweya pamapewa ndi mipata yozama m'mbali mwa zitseko. Chodabwitsa n'chakuti zigamba zimenezi, zimene zinabwera chifukwa cha vuto, ndizo zimene anthu ambiri lero amazindikirira Countach. Bugatti Veyron ya 2005, ya injini ya malita 8 ndi masilinda 16, inafunika maredieta (zipangizo zoziziritsira) khumi, ndipo mzere wokhota umene uli m'mbali mwake umathera pa kamwa lolowetsera mpweya. Ndikaona chojambula cha wophunzira cholembedwa kuti galimotoyo idzakhala ndi mphamvu zoposa za Veyron, koma thupi lake n'losalala ngati dzira, ndimadziwa kuti manambala amenewo anangowalemba kuti adzaze pepala.

Mwina mungati magalimoto am'tsogolo adzayendera magetsi, ndiye nkhani ya injini ndi yakale. Ophunzira ambiri amaganizanso chomwecho, ndipo mawu akuti magetsi asanduka chobisalirapo chawo. Batire nayo imatentha ndipo imafuna kuziziritsidwa, koma vuto lake lalikulu ndi malo ndi kulemera. Rimac Nevera, imene ili ndi batire ya 120 kWh, imalemera kupitirira matani awiri, pomwe T.50 ya katswiri wokonza magalimoto Gordon Murray, ya injini ya petulo ya masilinda 12, sifika n'komwe tani imodzi. Ukayala batire pansi pa galimoto yonse, mpando umakwera ndipo denga limakwera nawo, motero kutsika kuja kumene wophunzira amakufunitsitsa kumatayika. Ukaiika kumbuyo kwa mipando, yalanda malo omwe aja amene injini inasiya. Apa ndi pamene ndimayembekezera kuona nzeru zatsopano kuchokera kwa achinyamata, chifukwa funsoli ngakhale makampani akuluakulu sanalimalize, koma zojambula zimene zimalimba mtima kuliyankha n'zochepa.

Ndili ndi dandaulo lina limene si la zaumisiri koma la m'maso. Zojambula za ophunzira a masukulu otalikirana, kaya ku Pasadena ku America, ku Pforzheim ku Germany kapena ku Coventry ku England, masiku ano zimafanana ngati za mwana mmodzi. Kumbuyo kumakhala mdima, pansi pamakhala ponyowa kuti galimoto ionekere kawiri, nyali ndi kamzere kofiira kopyapyala, ndipo chithunzicho chimatengedwa ngati wojambula anagona chafufumimba kutsogolo kwa bampala. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: onse amagwiritsa ntchito mapulogalamu amodzimodzi a pakompyuta, ndipo onse amaonerana ntchito pa intaneti tsiku lomwelo. Kompyuta ndi yabwino, sindikuinyoza, koma imalola munthu kusankha mbali imodzi yokongola n'kubisa zotsalazo. N'chifukwa chake masukulu abwino amaumirirabe kuti wophunzira aumbe galimoto yake ndi dongo, kawirikawiri pa mulingo wa gawo limodzi mwa magawo anayi a galimoto yeniyeni, njira imene Harley Earl anaikhazikitsa ku General Motors kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Dongo munthu amalizungulira, amalikhudza ndi chikhatho, ndipo mzere umene unkaoneka wakuthwa pa kompyuta ukafika pakona n'kusowa kolowera, aliyense amaona.

Zojambula zimene zimandigwira mtima ndi zimene maonekedwe ake akunja anachokera pa ganizo limodzi la m'kati. Chitsanzo chimene ndimachikumbukira nthawi zonse ndi McLaren F1 ya 1992, imene Gordon Murray anaikonza ndipo Peter Stevens anaipatsa maonekedwe. Murray anaika woyendetsa pakatikati, ndi mipando iwiri ya okwera m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono. Ganizo limodzi lomweli ndilo linalamula zina zonse: galasi lakutsogolo linakhala lozungulira mofanana mbali zonse, ndipo zitseko zinayenera kutseguka pamodzi ndi mbali ya denga kuti munthu athe kudutsa mpando wam'mbali n'kukafika pakati. Mutati muchotse utoto ndi chizindikiro cha kampani, galimotoyo ikhoza kudziwikabe. Yesani zomwezo m'maganizo pa chojambula cha wophunzira. Mukachotsa utoto wonyezimira, nyali zofiira ndi chizindikiro cha kavalo wa Ferrari kapena cha ng'ombe ya Lamborghini chimene wabwereka, n'kupeza kuti chatsala ndi mphero yokhala ndi matayala anayi, ndiye kuti munalibe ganizo. Mukapeza kuti mungathe kufotokozera mnzanu m'chiganizo chimodzi chimene galimotoyo ikuyesa kuchita, ndiye kuti mwanayo ali ndi kanthu, ngakhale mizere yake itakhala yosapsa.

Pa nkhani ya magalasi imene mwaitchula, ndimawakhululukira pang'ono. Makamera ayamba kale kulowa m'malo mwa magalasi am'mbali oonera kumbuyo pa magalimoto ena ogulitsidwa, ndipo magalimoto aliwiro sanakhalepo otchuka pa kuonetsa kumbuyo. Eni ake a Countach ankadziwika ndi kutsegula chitseko n'kukhala m'mphepete mwake, mutu uli kunja, pofuna kubwerera m'mbuyo. Malamulo a pamsewu nawonso amasintha, ndipo amasintha maonekedwe a magalimoto: nyali zotukuka pa boneti, zimene zinali chizindikiro cha galimoto yaliwiro kwa zaka zambiri, zinatha cha mu 2004 pamene Corvette ya nthawiyo ndi Lotus Esprit zinasiya kupangidwa. Wophunzira amene akulota za 2040 ali ndi ufulu woganiza kuti malamulo ena adzakhala atasintha. Chimene alibe nacho ufulu ndi kusintha thupi la munthu, chifukwa woyendetsa wa 2040 adzakhalabe ndi khosi, mawondo ndi maso awiri oyang'ana kutsogolo. Ford GT40, imene dzina lake linachokera pa kutalika kwake kwa mainchesi 40, inachita kutukumulidwa denga pamwamba pa mpando kuti woyendetsa wake pa mpikisano, Dan Gurney, amene anali wamtali, akwanemo atavala chipewa chake cholimba.

Ndiye mukadzakumananso ndi zithunzi zoterezi, musathamangire chithunzi chachikulu cha mumdima chija. Pitani pansi pa tsamba, pamene ophunzira amaika zojambula zosakongola zimene anthu ambiri amazidumpha, ndipo mufunefune chimodzi choonetsa galimotoyo cham'mbali ngati yodulidwa pakati, chokhala ndi kachithunzi ka munthu atakhala pampando, injini kapena batire ili pamalo pake, ndi timivi tosonyeza kumene mpweya ukulowera ndi kumene ukutulukira. Makampani akamafuna kulemba ntchito amatsegulanso mabuku a zojambula zapamanja, zofufutidwafufutidwa, kuti aone mmene ganizolo linakulira kuchokera pa tsamba loyamba. Pa zithunzi zimene munanditumizira pamodzi ndi imelo yanu, ziwiri zinali ndi chojambula chodula pakati choterocho, ndipo mwa ziwirizo chimodzi chokha ndicho chinasiyira woyendetsa malo oti mapazi ake afike pa mabuleki popanda kugunda tayala lakutsogolo. Chinali chimene inu munati n'chosakongola kwenikweni, chotuwa chija cha mphuno yaifupi.