Hotipuleti ya 6.5A: imadya mayunitsi angati, nanga ekisitenshoni ikutentheranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala nyumba ya lendi ku Mzuzu. Anati mmisiri wa magetsi atabwera kudzayeza hotipuleti yawo ya mbale imodzi, anapeza mavoliti 230 (230V) pa soketi ndi maampu 6.5 (6.5A) pa waya, n'kulemba pakapepala n'kumapita. Funso lawo linali lakuti: “Manambala amenewa ndichite nawo chiyani? Ndikufuna kudziwa mawati ndi resistance yake, komanso chifukwa chake ekisitenshoni imatentha ndikalumikizapo ketulo.”

Bambo, kapepalako musataye. Manambala awiriwo ndi okwanira kuyankha zonse mwafunsazi.

Tiyambe ndi mawati. Mumangochulukitsa mavoliti ndi maampu: 230 × 6.5 = 1,495W, tingoti 1,500W kapena 1.5kW. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi kilowati imodzi yoyaka ola lathunthu. Ndiye ngati kwanu mumaphika maola awiri patsiku, nsima ndi ndiwo, apita mayunitsi 3, pamwezi 90. Imachepako pang'ono chifukwa hotipuleti ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha n'kuyakanso.

Resistance ndi mmene koyilo, waya wotentha wa m'kati mwa hotipuleti, imakanizira magetsi kudutsa, ndipo kukanizako ndi kumene kumabala kutentha. Lamulo lake analifalitsa Georg Ohm wa ku Germany mu 1827: gawani mavoliti ndi maampu. 230 ÷ 6.5 = 35.4Ω, ndiye kuti maomu 35.4. Mukabwereka multimita, kachipangizo koyezera magetsi, zulani kaye pulagi pa soketi, ikani batani la hotipuleti pamapeto penipeni, n'kuyeza pa timiyendo tiwiri ta m'munsi ta pulagiyo. Mukapeza pafupifupi 35, koyilo ili bwino. Multimitayo ikapanda kuwerenga kanthu, penapake paduka. Chonde musayeze maomu chinthu chili pamoto.

Nambala ya 35.4 imeneyi ili ndi ntchito ina imene ambiri saidziwa. Waya wa m'koyilo, wotchedwa nichrome, sasintha kwambiri resistance yake ngakhale afiire. Choncho mavoliti akatsika, mphamvu imagwa mofulumira kuposa mmene mungaganizire. Tiyerekeze kuti magetsi anu akuchokera kunyumba yaikulu pa waya wautali, wowonda, ndipo pofika kwa inu atsala 210V. Maampu akhala 210 ÷ 35.4 = 5.9A, ndipo mawati 210 × 5.9, pafupifupi 1,240W. Mwataya mawati oposa 250, madzi a nsima n'kumachedwa kuwira, inu n'kumati hotipuleti yakalamba.

Tsopano za ekisitenshoni, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa pamenepa nyumba zimapsa. Mapulagi a miyendo itatu amene timagwiritsa ntchito kuno ali ndi fyuzi m'kati, ndipo yaikulu kwambiri ndi ya 13A. Pa 230V ndiye kuti malire ndi 2,990W pa ekisitenshoni yonse, kaya ili ndi mabowo anayi kaya asanu ndi limodzi. Simunanene kukula kwa ketulo yanu, koma zambiri ndi za 2,000W kapena kuposerapo. Samu ija itembenuzeni: 2,000 ÷ 230 = 8.7A. Phatikizani ndi 6.5A ya hotipuleti, mwafika pa 15.2A. Mwadutsa kale malire. Fyuzi ya 13A sidukiratu pompo pa 15A, imapirira kwa kanthawi, ndipo nthawi yonseyo waya akuwotcha.

Kutentha kwa waya kumayenda ndi maampu (I) kuwachulukitsa ndi maampu omwewo, kenako ndi resistance (R): I × I × R. Tiyerekeze kuti soketi ya pakhoma yakhwepa, pulagi ya ekisitenshoniyo ikugwedera, ndipo pogwiranapo pali theka chabe la omu. Hotipuleti yokha: 6.5 × 6.5 × 0.5, mawati 21. Ndi ketulo: 15 × 15 × 0.5, mawati 112, onse pakachitsulo kochepa ngati chikhadabo, kozunguliridwa ndi pulasitiki.

Ndinaziona ndi maso kwa mlamu wanga. Titangolowa kukhitchini, fungo la pulasitiki linatilandira. Bowo limodzi la ekisitenshoni linali litada bii, pulagi itamatirira moti tinachita kuikanganula ndi sikuludiraiva. Titaitsegula, fyuzi inali itakulungidwa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, chifukwa akuti “imangoduka-duka”. Fyuziyo inkawachenjeza, iwo n'kuitseka pakamwa. Ana anali akugona chipinda cha pafupi.

Samu ya mavoliti kuchulukitsa maampu imalondola bwino pa zinthu zotenthetsa: hotipuleti, ketulo, simbi, giza. Pa zinthu za mota monga firiji kapena pampu, mawati enieni amakhala ochepera pa yankho limene mungapeze, choncho pa zimenezo dalirani zolembedwa pa kachizindikiro kake.

Chochita, bambo, n'ichi. Hotipuleti ikhale pa soketi ya pakhoma payokha. Ketulo ipeze soketi ina, kapena idikire nsima ipse. Ekisitenshoni imene yayamba kale kutenthayo itayeni, zitsulo zake zafooka ndipo sizibwereranso. Mukagula yatsopano, tsegulani pulagi muone kuti fyuzi ilimodi, ndipo isungireni TV, wailesi ndi matchaja a foni.